David Clement Scott: M'busa yemwe adamanga tchalitchi popanda pulani

Munthu wa ku Masambanjati m'boma la Thyolo akafuna kuona nyumba yakale yochititsa kaso safunika kukwera ndege. Angokwera minibasi, n'kudutsa m'minda ya tiyi, kutsikira mu Limbe, kenako kulunjika ku HHI mumzinda wa Blantyre.

Kumeneko kuli tchalitchi cha njerwa zofiira cha St Michael and All Angels, chomwe chili chiimire kuyambira m'chaka cha 1891. Ambiri adadalitsirako maukwati, ena amangopitako kukajambulitsa. Koma ndi ochepa omwe amadziwa kuti yemwe adatsogolera ntchito yomanga tchalitchichi sadaphunzirepo zomangamanga, ndipo amisiri ake adali anthu a m'midzi yozungulira omwe adali asanamangepo nyumba yotere.

Dzina lake ndi David Clement Scott, m'busa wa mpingo wa Church of Scotland. Moyo wake wonse m'dziko muno udatsamira pa mfundo imodzi: munthu wakuda akapatsidwa ntchito ndi kukhulupiriridwa, amaitha. Mfundoyi ndiyo idamanga tchalitchi, ndipo ndi yomweyonso idamudanitsa ndi azungu anzake.

Adapeza mishoni ili m'manyazi

Scott adabadwira mumzinda wa Edinburgh ku Scotland m'chaka cha 1853. Adaphunzira pa yunivesite ya mumzindawo, komwe adachita maphunziro a zaubusa.

Pomwe iye adali pasukulu, mpingo wake udatsegula mishoni m'dera la mfumu Kapeni m'chaka cha 1876. Malowo adasankha ndi Henry Henderson mothandizidwa ndi Tom Bokwito, Mmang'anja yemwe adali womasulira wake. Mishoniyo adaitcha Blantyre pokumbukira mudzi womwe adabadwira David Livingstone.

Zinthu sizidayambe bwino. Ena mwa azungu oyambawo adadzisandutsa mafumu ndi oweruza milandu. Ankakwapula anthu oganiziridwa kuba, ndipo munthu wina adamuombera ndi mfuti atamuweruza okha pa mlandu wakupha. Mlendo wina, Andrew Chirnside, adalemba za nkhanzazi m'chaka cha 1880 ndipo nkhani idawanda ku Britain konse.

Mpingo udachita kafukufuku ndipo udachotsa ntchito mtsogoleri wa mishoniyo, Duff Macdonald, pamodzi ndi ena awiri, John Buchanan ndi George Fenwick. Apa m'pomwe udatuma Scott, ali ndi zaka 28 zokha, kuti adzakonze zinthu. Adafika ku Blantyre m'chaka cha 1881 pamodzi ndi mkazi wake Isabella.

Ntchito yoyamba idali yobwezeretsa ubale ndi eni nthaka. Scott adathetsa zokwapula anthu ndipo milandu ikuluikulu adaibwezera kwa mafumu. Ankayendera mafumu a Chiyao ndi a Chikololo m'midzi mwawo, ndipo ankakhala nawo pabwalo kumvetsera milandu mpaka adadziwa momwe Amang'anja amazengera nkhani.

M'chaka cha 1884, Scott ndi mkazi wake adayenda ulendo wautali kukaonana ndi mfumu Chikuse ya Angoni a kwa Maseko. Chaka chomwecho asilikali a Chingoni adaoloka Shire n'kuthira nkhondo midzi ya kumapiri kuno. Anthu ambiri adathawira m'mapiri ndi pamishoni, koma mishoniyo sidakhudzidwe.

Tchalitchi cha dothi la pachulu

Pofika m'chaka cha 1888 anthu opemphera pa Blantyre adachuluka ndipo padafunika nyumba yokulirapo. Wina akadangomanga chinyumba chachitali cha makona anayi n'kufolera, basi. Scott adakana. Iye ankakhulupirira kuti Afrika ayenera kulandira zinthu zabwino zedi, osati zotsalira, ndipo nyumba ya Mulungu imangidwe mokongola monga zimakhalira kwawo.

Vuto lidali loti panalibe katswiri wojambula mapulani. Scott mwiniwake adali asanayalepo njerwa. Pamishoni padali amisiri ochepa a Chizungu, monga kalipentala John McIlwain, omwe ankaphunzitsa anyamata ntchito zamanja. Gulu lalikulu la omanga lidali la Amang'anja ndi Ayao omwe adazolowera nyumba za mitengo ndi zomata.

Mutu umodzi susenza denga. Ena ankakumba dothi la pachulu, ena kuponda matope, ena kuumba, ena kudula nkhuni zootchera. Njerwa zonse zidaumbidwa ndi kuotchedwa pamalo pomwepo.

Aliyense yemwe adaumbapo njerwa amadziwa kuti chikombole chimodzi chimakwanira kumangira nyumba yonse. Koma pa tchalitchichi padagwiritsidwa ntchito mitundu 81 ya njerwa. Zina n'zokhota, zina n'zosongoka, zina zili ndi maluwa, ndipo mtundu uliwonse udafuna chikombole chakechake chosemedwa pa thabwa.

Popeza panalibe pulani yolembedwa, mbali iliyonse yovuta ankayamba ayiyesa. Ankayala njerwa popanda matope kuti aone ngati zikugwirana, ndipo akakhutira m'pomwe ankamanga zenizeni. Umu ndi momwe adamangira makomo ndi mazenera okhota ngati uta, komanso madenga obulungira ngati mphika wovundikira.

Chinsinsi cha khomo lokhota n'choti njerwa iliyonse imatsamira inzake. Kulemera kwa khoma la pamwamba kumakankhira njerwazo pamodzi n'kutsikira m'mbali mpaka ku maziko. Njerwa imodzi ikalakwika, uta wonse umagwa. Amisiriwo adaphunzira zimenezi ali pantchito, ndipo mauta omwe adayala akadali chigwirire mpaka lero.

Nyumbayi ndi yotalika pafupifupi mamita 32, m'lifupi mamita 9, ndipo kuchoka pansi kufika pamsonga ya denga pali mamita 11. Kumaso kwake kuli nsanja ziwiri, ndipo woyang'anitsitsa amaona kuti sizofanana ndendende. Ntchito yonse idatenga zaka zitatu. Tchalitchichi chidaperekedwa kwa Mulungu pa 10 May 1891.

Alexander Hetherwick, yemwe adagwira ntchito ndi Scott, ankachitchula kuti n'tchalitchi choyamba chokhazikika kumangidwa pakati pa mtsinje wa Zambezi ndi wa Nile. Limba lalikulu lidaikidwamo m'chaka cha 1907, ndipo magetsi adalowamo m'chaka cha 1912.

Luso lokongoletsa nyumba ndi njerwa zokha lili ndi abale ake kutali. M'mizinda yakale ya ku Spain monga Toledo, Zaragoza ndi Teruel muli matchalitchi ndi nsanja za njerwa zomwe zidamangidwa zaka zoposa 600 zapitazo potsatira luso la Asilamu omwe adatsala m'maderawo mafumu a Chikhristu atawalanda. Kamangidweko amakatcha Mudéjar. Kumenekonso kukongola kudachokera pa kayalidwe ka njerwa wamba, osati pa miyala yodula. Nsanja za ku Teruel zidalowa m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 1986, ndipo alendo amapitako chaka chilichonse kukaziona.

Chimwemwe chosakanikirana ndi misozi

Tsiku lotsegulira tchalitchi lidafika pamishoni pali chisoni. M'miyezi yochepa chabe Scott adataya anzake apamtima.

Robert Cleland, m'busa wachinyamata yemwe adayambitsa ntchito ya mishoni ku Mulanje, adamwalira kumapeto kwa 1890. Kumayambiriro kwa 1891 matenda a pakhosi otchedwa diphtheria adagwira mwana wa Henry Henderson. Dokotala John Bowie, mlamu wake wa Scott, adayamwa zotsekereza pakhosi pa mwanayo pofuna kumupulumutsa. Mwanayo adamwalira, mayi ake adamwalira, ndipo dokotalayo naye adatsatira. Henderson adanyamuka ulendo wobwerera kwawo koma adathera panjira, ku Quelimane m'dziko la Mozambique.

M'chaka cha 1895 imfa idabweranso pakhomo. Mng'ono wake, dokotala William Affleck Scott, adamwalira, ndipo chaka chomwecho mkazi wake Isabella adatsikira kulichete.

Buku la mawu a Chimang'anja

Pomwe makoma a tchalitchi ankakwera, Scott adalinso kalikiliki ndi ntchito ina. Kwa zaka zambiri adakhala akutolera mawu a Chimang'anja kuchokera kwa akuluakulu, kwa ana asukulu ndi pamabwalo a milandu.

M'chaka cha 1892 adatulutsa mtanthauziramawu wa masamba oposa 700 wotchedwa A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language. Bukuli silingopereka tanthauzo la mawu m'Chingerezi. Pa mawu ambiri limafotokoza mwambo wonse: momwe mlandu umayendera, momwe amapempherera mvula, masewera a ana, magule, misampha ndi zida za kumunda.

Panthawi yomwe azungu ambiri ankayesa zilankhulo za kuno zachabechabe, Scott adaonetsa kuti Chimang'anja ndi chilankhulo chozama, chokwanira kunyamula nzeru iliyonse. Hetherwick adalikonzanso bukuli n'kulitulutsa m'chaka cha 1929, ndipo akatswiri a Chichewa amaligwiritsabe ntchito. Kwa Amang'anja a ku Thyolo, Chikwawa ndi Nsanje, m'bukuli muli mawu a agogo awo omwe ena adayamba kuiwalika.

Scott adamasuliranso mabuku a Uthenga Wabwino m'Chimang'anja, ndipo m'chaka cha 1888 adayambitsa kanyuzipepala ka mishoni kotchedwa Life and Work, komwe ankasindikiza pa Blantyre pomwepo.

Mpingo m'manja mwa eni ake

Chomwe Scott adachita ndi njerwa adafuna kuchitanso ndi anthu. Iye ankaona kuti mpingo wa mu Afrika uyenera kutsogoleredwa ndi ana a mu Afrika, ndipo sadafune kudikira zaka makumimakumi.

M'chaka cha 1893 adapatula Joseph Bismarck, Rondau Kaferanjila ndi Donald Malota kukhala madikoni. Chaka chotsatira adaonjezera ena asanu ndi awiri, ndipo mwa iwo mudali Harry Kambwiri Matecheta, John Gray Kufa ndi Mungo Murray Chisuse. Anthuwa ankakumana naye pafupipafupi kuphunzira za ubusa, ndipo adawapatsa mphamvu zoweruza nkhani za mumpingo.

Sadawasunge pamishoni ngati ana. Matecheta adatumidwa kukayamba ntchito pakati pa Angoni ku Nthumbi m'boma la Ntcheu. Kufa, yemwe adaphunzira zachipatala, adatumidwa kudziko la Alhomwe ku Mozambique. Chisuse adakhala katswiri wosindikiza mabuku komanso m'modzi mwa Amalawi oyamba kudziwika pa luso lojambula zithunzi.

M'tchalitchi chatsopanocho Scott adafuna kuti akuda ndi oyera adyere limodzi mgonero wa Ambuye. Kunyumba kwake ankalandira mafumu ndi aphunzitsi a Chikuda n'kukhala nawo patebulo limodzi. Masiku ano zimenezi sizingadabwitse munthu, koma m'zaka za m'ma 1890 azungu ambiri a m'minda ndi a m'boma ankaziona ngati zonyazitsa mtundu wawo.

Nkhondo ya malo ndi msonkho

Scott sadali munthu wopanda zolakwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 Apwitikizi ankafuna kutenga dera lonse la Shire. Scott adali m'gulu la omwe adalimbikitsa boma la Britain kuti lilowererepo, poganiza kuti ulamuliro wa Angerezi udzateteza anthu ku ukapolo ndi kwa Apwitikizi. Abusa ndi akulu ampingo oposa 11,000 a ku Scotland adasaina chikalata chopempha zimenezi.

Pempholo lidatheka. Mwezi womwewo wa May 1891, pomwe tchalitchi chinkatsegulidwa, dziko lino lidalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, adayamba kupereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu omwe ankati adagula minda kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu, mikanda kapena mfuti. Malo aakulu a ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Thyolo adapita motero. Adakhazikitsanso msonkho womwe udakakamiza anthu kukagwira ntchito m'minda ya azungu, ndipo mafumu okana adawathira nkhondo.

Scott adatembenukira boma lomwe adaliitana yekha. Kudzera mu Life and Work adadzudzula kulanda malo, kukula kwa msonkho ndi kutentha midzi. Adatsutsanso kwamphamvu maganizo opereka dziko lino m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, poopa kuti anthu akuda adzasanduka antchito chabe pa nthaka yawo. Johnston adakwiya naye kwambiri mpaka kukadandaula ku London.

Anthu a ku Thyolo akudziwa bwino komwe nkhaniyi idathera. Dongosolo la thangata, lomwe munthu ankalipira malo okhala pogwira ntchito kwa mwini esiteti, lidazunza mabanja kwa zaka zambiri, ndipo kuchepa kwa malo olima m'bomali ndi nkhani yomwe ikukambidwabe.

Ngakhale tiyi yemwe wakuta mapiri a Thyolo ali ndi mizu yake pamishoni ya Blantyre. Mitengo yoyamba ya tiyi yomwe idapirira m'dziko muno idamera m'munda wa mishoniyo m'nthawi ya Scott. Mbewu zake ndi zomwe Henry Brown adakabzala ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo patapita zaka ulimiwu udafika ku Thyolo.

Adachoka mtima uli wosweka

Adani a Scott sadali m'boma mokha. Ena mwa amishoni anzake sadakondwe kuona madikoni a Chikuda akupatsidwa mphamvu. Adamunenera ku Scotland kuti ndi wolamula yekha, amaononga ndalama, komanso kuti mapemphero ake akufanana ndi a mipingo ina chifukwa cha mikanjo ya oimba ndi miyambo ina ya m'tchalitchi.

M'chaka cha 1897 mpingo udatuma nthumwi kudzafufuza. Pa milandu ikuluikulu sadampeze wolakwa, koma zoyankhulayankhula sizidathe. Thupi lake lidali litafooka ndi malungo, mtima utasweka ndi maliro. M'chaka cha 1898 adachoka m'dziko muno ndipo sadabwererenso kudzagwira ntchito. Hetherwick ndiye adalowa m'malo mwake.

M'chaka cha 1901 mpingo udamutuma ku Kikuyu m'dziko la Kenya. Kumeneko adapezera mishoni malo aakulu, maekala pafupifupi 3,000, ndi cholinga choti ulimi uzilipira ntchito za mpingo. Ulimiwo sudapindule, ndipo ena amadabwa kuti munthu yemwe adadzudzula kulanda malo ku Shire adatenganso malo ochuluka chotero kwa Akikuyu. Mkazi wake wachiwiri adamwalirira komweko. Scott adamwalira m'chaka cha 1907 ali ndi zaka 54, ndipo adaikidwa m'manda ku Kenya.

Zomwe adasiya

Atachoka, mphamvu zenizeni za mishoni zidakhala m'manja mwa bungwe la azungu okhaokha. Loto lake lidachedwa, koma silidafe.

Matecheta adadzozedwa ubusa m'chaka cha 1911 pamodzi ndi Stephen Kundecha, ndipo awiriwa adali abusa oyamba a Chikuda a mishoni ya Blantyre. John Gray Kufa adaphedwa ndi boma la atsamunda m'chaka cha 1915 pomuganizira kuti adali mbali ya kuukira kwa John Chilembwe. Chaka chomwecho asilikali adaphulitsa tchalitchi cha njerwa chomwe Chilembwe ndi anthu ake adamanga ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu.

M'chaka cha 1924 Blantyre ndi Livingstonia adagwirizana kupanga mpingo wa CCAP, ndipo Nkhoma idalowamo m'chaka cha 1926. Koma padatenga mpaka 1962 kuti Mmalawi, m'busa Jonathan Sangaya, akhale mlembi wamkulu wa sinodi ya Blantyre. Apa n'kuti patadutsa zaka pafupifupi 70 chipatulireni madikoni oyamba aja.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels chidakonzedwanso m'zaka za m'ma 1970 popanda kusintha maonekedwe ake, ndipo chili m'gulu la nyumba zotetezedwa ndi boma. Chimayima pamodzi ndi nyumba ya Mandala ya 1882 komanso tchalitchi chachikulu cha pachilumba cha Likoma, chomwe ntchito yake idayamba m'chaka cha 1903.

Nako ku Thyolo kuli nyumba zosunga mbiri. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa yakhala m'manja mwa mpingo wa Seventh Day Adventist kuyambira 1902. Pa esiteti ya Satemwa pali nyumba ya Huntingdon yomwe Maclean Kay adamanga m'chaka cha 1928. M'midzi ndi m'maesiteti mulinso matchalitchi, masukulu ndi masitolo akale a njerwa omwe akungogumuka popanda wowalabadira, ena anthu akusolola njerwa zake kukamangira makola.

Nyumba zonsezi zimadziwika ndi mayina a azungu omwe adazilamula. Za St Michael timatchula Scott, ndipo n'koyenera kutero. Komabe iye sadaumbe yekha mitundu 81 ya njerwa ija. Adaumba ndi anthu a kwa Kapeni ndi midzi yoyandikana nayo, omwe zidzukulu zawo zikuyenda m'misewu ya Ndirande, Chilomoni ndi Mbayani, mwina osadziwa kuti manja a agogo awo ndiwo adayala mauta aja.

Choncho banja lochokera ku Masambanjati likadzapezeka mu Blantyre, lidzapatukireko ndi ana. Adzayandikire khoma, adzawerenge mitundu ya njerwa yomwe angaione, ndipo adzawauze anawo kuti dothi lake ndi la pachulu ngati cha kumunda kwawo, ndipo omanga ake adali anthu ngati iwo omwe.